Amayi, landilodi sanatitulutse, mu tentimo tikukagona dala

Tsiku lomwe ndinawauza amayi pa WhatsApp kuti wikendi ikubwerayo tikukagona mu tenti kunkhalango, anakhala chete kaye mpaka ndimaona ngati netiweki yathawa. Kenako anafunsa ndi mawu aja amene amatulutsa akamva kuti kwinakwake kwagwa zovuta: "Mwana wanga, landilodi wakutulutsani?" Ndinaseka mpaka misozi. Ndinati ayi amayi, nyumba ilipo, lendi tinalipira kale, tikupita dala, ndipo tikalipiranso ndalama kuti atilole kugona panjapo. Apa nde anangoti, "Iii, ku Canada kumeneko kwakusokonezani mitu."

Sindikuwada ayi. Kwathu munthu wamkulu akagona panja pamakhala chifukwa. Mwina kwagwa maliro nde azibambo akuwotha moto pa siwa mpaka kucha, mwina ukulondera chimanga ku dimba kuopa akuba ndi nguluwe, mwina uli kuchipatala kudikirira matenda. Ndipo tenti yeniyeniyo amayi anaiona bwinobwino mu 2023 namondwe wa Freddy atagumula nyumba za anthu kummwera kuja, mabanja atadzazana m'masukulu ndi m'misasa. Kwa iwo tenti ndi tsoka. Nde mwana wawo amene anamutumiza kunja kuti akapeze bwino akuti akufuna kukagona mu tenti, mu Okutobala, kozizira, komanso alipira. Mungawalongosolere bwanji.

Ife timakhala ku Hamilton, m'chigawo cha Ontario. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ya mashifiti, bambo a kunyumba amayendetsa thiraki, ana tili nawo awiri. Zogona mu tentizi anatiyambitsa ndi mnzanga wa kuntchito amene anabadwira konkuno, anatibwereka tenti yake ndi timipando topinda tija, ndipo kungoyambira pomwepo ana sanatipatsenso mtendere. Koma nkhani yomwe ndikufuna kukamba si yoti kugona panja nkokoma, zimenezo aliyense aziona yekha. Ndikufuna kukamba za masabata ochepa amene mapaki a boma kuno akumawonjezera kumapeto kwa nyengo ya makampu, chifukwa anthu ngati ife paki timaipeza m'masabata amenewo.

Kuno kalendala ya tenti ndi yaifupi. Anthu amayamba pa wikendi ya Victoria Day chakumapeto kwa Meyi, amapenga nazo mu Julayi ndi Ogasiti sukulu zitatsekera, kenako Labour Day, Lolemba loyamba la Sepitembala, ikangodutsa ambiri amapinda matenti kukasunga. Makampu ena amatseka pomwepo, ena amakoka mpaka Thanksgiving ya ku Canada yomwe imakhala Lolemba lachiwiri la Okutobala, ikatero geti loko mpaka chaka chamawa.

Tsono kupeza malo mu Julayi ndi nkhondo abale. Ontario Parks, nthambi ya boma yoyang'anira mapakiwa, imatsegula kubuka miyezi 5 tsiku lako lisanafike, 7 koloko mmawa. Ndiye kuti ukafuna kukagona pa 10 Julayi, pa 10 Febuluwale 7 koloko ukhale utagwira kale kompyuta chala chili pa batani. Ine 7 koloko ndi nthawi yomwe ndikulandira lipoti kwa a shifiti ya usiku, foni ili mu loka, ndipo ngakhale ikanakhala m'thumba, mu Febuluwale ndingadziwe bwanji kuti pa 10 Julayi ndidzakhala pa ofu? Ndandanda wathu wa ntchito sutuluka miyezi isanu patsogolo. Zaka ziwiri ndinayesa, pofika pa buleki ya 10 koloko mapu onse a paki ofiira psuu, malo atha. Panalinso kachinyengo kena komwe anthu ankachita: malamulo ankalola kubuka mpaka masiku 23, nde munthu amabuka masiku onsewo kuyambira kutali kuti atsekereze wikendi yomwe akuifunayo, kenako nkudzachotsa masiku enawo. Kuyambira 2023 anachepetsa, m'mapaki otchuka kwambiri ngati Algonquin, Bon Echo, Killbear, Pinery ndi Sandbanks munthu sangapitirire masiku 7 m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti. Zinathandizako, koma amene amapambana mpikisano wa 7 koloko ndi omwe aja basi: amene amagwira ntchito ya pa desiki, holide yawo anaidziwa kale mu Januwale, intaneti yawo yothamanga. Paki ndi ya tonse pa pepala, koma mu Julayi ndi ya amene ali ndi kalendala yokhazikika.

Mu Okutobala zimasintha. Ukangodutsa Thanksgiving umatsegula mapu aja nkupeza malo obiriwira mbwee, ena a m'mbali mwa nyanja amene mu Julayi sungawalote nkomwe, ndipo utha kubuka Lachiwiri nkupita Lachisanu. Vuto ndi loti nthawi yomwe malo akupezekayo ndi yomwenso mageti ambiri akutsekedwa.

Nyengo imeneyi kwathu kulibe nde ngakhale dzina ndimavutika nalo. Ife tili ndi dzinja, masika, chisanu cha Juni ndi Julayi, kenako chilimwe. Kuno amangoti fall, kugwa kwa masamba. Amene munadutsapo ku Dzalanyama kapena njira ya ku Kasungu cha mu Sepitembala mukudziwa mmene mitengo ya mombo imafiirira ikamaphuka, phiri lonse ngati lathiridwa utoto. Zimafanana pang'ono, kungoti kwathu tsamba limafiira likadali khanda, kuno limafiira likutsanzika. Masiku akayamba kufupika mtengo umasiya kupanga zobiriwira zija zomwe umagwirira dzuwa, nde chikasu chomwe chinabisala mu tsambamo chimaonekera, ndipo mitengo ya maple imapanganso kufiira kwatsopano makamaka masana kukamawala dzuwa usiku nkumazizira. Tsamba lomwe lili pa mbendera ya Canada lija ndi limenelo.

Chaka chomwe ndikukambachi tinapita ku Algonquin wikendi yotsatira Thanksgiving. Ndi paki yakale kwambiri mwa mapaki a zigawo ku Canada, inakhazikitsidwa mu 1893, kukula kwake kuposa masikweya kilomita 7,600, ndipo dzinalo ndi la anthu a mtundu wa Algonquin, eni dera amene analipo azungu asanafike. Ambiri aife timangodziwa kachigawo kakummwera komwe msewu wa Highway 60 umadutsa, makilomita 56 kuchoka geti lakumadzulo kukafika lakummawa. Kuchokera kwathu ndi maola anayi ukawerengera kuima pa Huntsville kugula buledi ndi kutsitsa ana kuti akataye madzi. Makampu ambiri a mumsewumo anali atatseka kale, koma Mew Lake simatseka chaka chonse, ili ndi malo a magetsi komanso nyumba ya zimbudzi ndi mashawa yotenthetsedwa. Tinalipira madola 50 ndi kanthu pa usiku. Ndalamayi amayi sindinawauze, akanaisintha kukhala makwacha nkudwala BP.

Maple tinamupeza atathothoka kale. Ku Algonquin ndi kokwera kusiyana ndi ku Toronto nde masamba amafiira msanga, chakumapeto kwa Sepitembala ndi sabata yoyamba ya Okutobala, mphepo ikangowomba kawiri basi zatha. Ndinakhumudwa pang'ono polowa geti, mitengo ili mbulanda, pansi masamba ofiira atanyowa ngati nsanza. Koma palinso gulu lachiwiri lomwe anthu a zithunzi za pa Facebook salidikira. Mitengo ya birch ndi aspen imachita chikasu mochedwerapo, ndipo pamapeto penipeni pamabwera tamarack. Mtengo umenewu ukauona mu Julayi ungati ndi paini wamba, masamba ake ngati singano, umamera m'madambo. Koma wokhawu sumachita ngati anzake a paini amene amakhala obiriwira chaka chonse, mu Okutobala umasanduka golide kenako nkuyoyola singano zonse. Mmawa wa Loweruka tinayenda pa kanjira ka matabwa kodutsa m'dambo, nkhungu ikufuka pamadzi ngati wina wateleka nkhali pansi pa nyanja, ndipo tamarack yense ali ngwee pakati pa mitengo yakuda. Kamtsikana kathu kanagwedeza nthambi imodzi, singano zachikasu zinagwera mu tsitsi lake, tinazitola mpaka Lolemba.

Udzudzu kunalibe ngakhale umodzi. Izi muzimvetse, chifukwa amene sanafikeko kuno amaganiza kuti udzudzu ndi wa ku Nsanje kokha. Udzudzu wa nkhalango za Ontario mu Juni ulibe malungo koma umaluma mwaukali, ndipo chakumapeto kwa Meyi kuli tintchentche takuda tomwe timaluma kuseri kwa khutu mpaka magazi. Chisanu choyamba chikagwa zonsezi zimatha, umakhala pa moto osadzimenya mbama. Nkhupakupa zokha ndiye sizipita pa holide, makamaka m'mapaki a kummwera kufupi ndi nyanja zikuluzikulu, mu Okutobala zimakhala zikadali moyo ndipo zina zimapatsa matenda a Lyme, nde madzulo ana timawayang'anabe m'miyendo ndi m'khosi.

Usiku woyamba ndi umene unatiphunzitsa. Cholakwa chinali changa, sindinamizira munthu. Ndinanyamula matiresi opopa aja amene timagonera mu Julayi, mabulangete nde ndinatenga onse a m'nyumba mpaka lija lolemera la kambuku lomwe ndinachoka nalo ku Limbe. Ndinaunjika zonse pamwamba. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzuka msana uli ngati ndagona pa simenti ya mu filiji, pamwamba ndikutuluka thukuta pansi ndikuuma. Foni inkaonetsa -2. Kuzizira kumachokera pansi abale, mpweya wa mu matiresimo umatenga kuzizira kwa dothi nkukupatsira usiku wonse, bulangete la pamwamba silingathandize. Bambo a kunyumba anadzuka akunjenjemera nkunena kuti, "Mayi, ndilowetse kachitofu ka gasi kaja tingoyatsa mphindi khumi." Ndinakana kwamtuwagalu. Ndinati bambo, mwaiwala nkhani za mu Juni kwathu, anthu kulowetsa mbaula m'nyumba atatseka mawindo mmawa nkuwapeza atauma? Mpweya wake ndi womwewo, sununkha, umangokugoneka tulo tosadzuka, ndipo chaka chilichonse kuno amachenjeza za zomwezo. Tinachotsa mabulangete awiri pamwamba nkuyala pansi pa ana, tinang'amba makatoni omwe tinanyamulira zakudya nkuyala pansi pathu, ndinawiritsa madzi panja nkuthira m'mabotolo, kuwakulunga m'masokosi, aliyense lake kumapazi. Aliyense chipewa kumutu. Tinagona ndithu. Kutacha tinapita kukagula kahita kakang'ono ka magetsi ndi timatiresi ta thovu, usiku wachiwiri ana anagona mpaka 8 koloko.

Mdima nawonso umabwera msanga, 6:30 dzuwa lalowa, nde moyo wonse umasamukira pa moto. Apa pali nkhani yomwe amayi mpaka lero saimvetsa: uli pakati pa nkhalango, nkhuni zili mbwee pansi, koma kutola nkoletsedwa, umagula za m'thumba pa ofesi ya paki. Amati mitengo yakufayo ndi chakudya cha nthaka ndi nyumba za tizilombo. Kubwera ndi nkhuni zako kuchokera kutali nakonso amakaniza, chifukwa cha kachilombo kobiriwira kotchedwa emerald ash borer komwe kanapezeka cha ku Windsor mu 2002 ndipo kapha mitengo ya ash mamiliyoni, kamayenda ulendo wautali kobisala mu nkhuni za anthu. Ndinaphika nsima pa kachitofu, madzi kuchedwa kuwira ngati akukana, ndipo nsima ya mu Okutobala uyenera kudya mothamanga, ukangocheza pang'ono yasanduka mkute. Tikatha kudya chilichonse chonunkhira chimabwerera mu buti ya galimoto, mapoto, ndiwo zotsala, ngakhale mankhwala otsukira mano, chifukwa nthawi imeneyi zimbalangondo zakuda zimadya ngati zolusa kukonzekera tulo tawo ta miyezi yozizira. Sitinachione chimbalangondo. Chomwe tinaona ndi moose yaimuna itaima m'mbali mwa msewu mmawa, chinyama chachitali kuposa ng'ombe iliyonse yomwe munaionapo, nyanga ngati mafosholo awiri. Sepitembala ndi Okutobala ndi nthawi yomwe zimafuna zazikazi nde zimakhala zaukali, tinaionera m'galimoto magalasi otseka.

Tsono funso lomwe ndinali nalo kwa zaka: ngati Okutobala ndi wokoma chonchi, mageti amatsekeranji? Poyamba ndinkati ndi ulesi wa boma basi, mukudziwa mmene timaganizira ife. Koma nditacheza ndi mayi wina wogwira ntchito pa kampu ina amene amatsuka zimbudzi, ndinamva mbali inayo. Choyamba ndi mapaipi. Makampu ambiri anamangidwa kuti azigwira ntchito nthawi yotentha yokha, mapaipi ake sanakwiriridwe mozama, nyumba za mashawa zilibe zotenthetsera. Madzi akaundana amafufuma nkung'amba paipi, usiku umodzi wa chisanu chenicheni ungathe kuwononga zinthu zomwe akonze mwezi wonse wa Meyi. Nde chisanu chisanafike amatseka madzi nkupopera mpweya m'mapaipimo kuti atuluke onse, ndipo ntchito imeneyo singadikire kuti aone kaye nyengo ikhala bwanji. Chachiwiri ndi anthu. Ambiri amene amatchetcha, kutsuka, kugulitsa nkhuni ndi kukhala pa geti ndi ana a sukulu za ukachenjede ogwira ganyu ya holide, Sepitembala akangoyamba abwerera ku makalasi, amatsala ochepa oti ayang'anire dera lalikulu. Chachitatu ndi ndalama, mapaki a Ontario amadalira kwambiri zomwe timalipira ife, ndipo kampu yomwe Loweruka yadzadza koma Lachiwiri muli matenti atatu imafunabe munthu wa pa geti, galimoto yotola zinyalala ndi magetsi.

Zifukwa zimenezi ndi zoona, sindikuzitsutsa. Koma zonsezo ndi zinthu zoti ndalama ndi dongosolo zitha kukonza, ndipo umboni ulipo kale. Mew Lake imatha bwanji kukhala yotsegula mu Januwale chipale chofewa chili m'mawondo? Pinery ndi MacGregor Point m'mbali mwa Lake Huron, ngakhale Killarney kumpoto, anthu amagonako chaka chonse. Sikuti kumeneko sikuzizira, kungoti anaikako nyumba yotenthetsedwa ndi anthu oti azigwira ntchito. Ndipo kuyambira nthawi ya Covid mu 2020, pomwe aliyense anathamangira ku nkhalango poti kunalibe kwina kopita, mapaki angapo akhala akukankhira tsiku lotseka kutsogolo, ena mpaka kumapeto kwa Okutobala. Ine ndikuti apitirize, ndipo achite mwadongosolo osati mongoyesa.

Ndikunena za dongosolo chifukwa tinapsapo. Chaka china, pa paki ina yomwe sindiitchula, tinabuka malo a masabata owonjezerawo tili osangalala, kufika kumeneko mipopi yonse youma, nyumba ya mashawa ili ndi loko, chotsala ndi chimbudzi chokumba chija. Chimbudzi chokumba ine sichindiopsa, ndinakulira pomwepo, koma ana obadwira kuno anaima pakhomo ngati awauza kuti alowe m'phanga la fisi, ndipo madzi akumwa tinali ndi botolo limodzi. Bambo anayendetsa galimoto mphindi 40 usiku kukasaka madzi. Mtengo wa malowo unali womwewo wa mu Julayi. Kuwonjezera masiku kotereku ndi kongolembetsa m'buku kuti tinawonjezera. Ngati madzi atsekedwa anene ndi zilembo zikuluzikulu pomwe munthu akubuka, osati pansi penipeni pomwe sawerenga munthu, ndipo mtengo utsike.

Chomwe ndikupempha si kuti kampu iliyonse ikhale yotsegula mpaka Novembala ayi. Paki iliyonse yomwe ili pafupi ndi mizinda itasiya kachigawo kamodzi, malo makumi angapo ozungulira nyumba imodzi yotenthetsedwa, mpopi umodzi wosaundana, magetsi, basi. Mbali zinazo atseke, udzu upume, dothi lomwe lapondedwa miyezi inayi lipume. Ndipo anthu ogwira ntchito masabata amenewo alembedwe bwinobwino, anthu a m'matauni ang'onoang'ono oyandikana ndi mapakiwo ngati Whitney ndi Dwight amene ntchito zawo zambiri zimatha alendo akachoka, osati kungomuunjikira munthu mmodzi ntchito ya anthu asanu nkumati takwanitsa.

Pali kanthu kena komwe kamandivuta mumtima pa nkhaniyi, ndisabise. Pa kampu paja pamabwera mbalame ina yotuwa, Canada jay, yosaopa anthu, imatera pa tebulo kukuyang'ana m'maso ngati mlamu wobwera nthawi ya nsima. Mbalame imeneyi sithawira kummwera nthawi yozizira ngati zinzake. Imatola zipatso, bowa, tizidutswa ta nyama, nkumata ndi malovu ake kuseri kwa makungwa a mitengo, malo zikwizikwi, kudalira kuti kuzizira kusunga chakudyacho ngati filiji mpaka idzaswe ana chakumapeto kwa nyengo yozizira chipale chikadalipo. Ofufuza akhala akuitsatira ku Algonquin komweko kwa zaka makumi angapo, ndipo anapeza kuti chiwerengero chake chatsika, ndipo chimodzi mwa zifukwa ndi choti nyengo yoyoyoka masambayi ikumafunda, kuzizira nkusungunuka, kuzizira nkusungunuka, nkhokwe zake zija nkumaola. Ndiye kuti kufunda komwe kukundilola ine kukhala pa moto pa 20 Okutobala ndi jekete imodzi masana ndi komwenso kukuwoletsa chakudya cha mbalameyi. Ife a kwathu nkhani ya nkhokwe yoola timaidziwa, sitifunika kutilongosolera. Sindinasiye kupita chifukwa cha zimenezi, kugona kwanga mu tenti si kumene kukufunditsa dziko, koma ndikamawerenga anthu akusangalala kuti Okutobala wa masiku ano ndi wofunda nde makampu atsegule mpaka kalekale, ndimakumbuka kambalame kaja.

Komanso ndisaname kuti nyengoyi ndi ya chete paliponse. Wikendi yomwe maple wafika pachimake, ndi ya Thanksgiving, Highway 60 imakhala ngati Chipembere Highway 5 koloko madzulo, mabasi a alendo, magalimoto m'mbali mwa msewu, anthu pa mzere kudikira kujambulitsa pa thanthwe limodzi la pa Lookout Trail. Anafika poika dongosolo loti ngakhale wongobwera masana akafuna kutsimikiza kuti alowa agule chilolezo cha galimoto pa intaneti pasadakhale, chimatsegulidwa masiku 5 tsikulo lisanafike, ndipo ma wikendi amenewo chimatha. Ndiye kuti mpikisano wa 7 koloko uja wayamba kulowanso mu Okutobala. Mantha anga ndi amenewo, kuti masabata owonjezerawa akadzatchuka adzalandidwanso ndi omwe aja a makalavani akuluakulu okhala ndi khitchini ndi TV mkati, amene kuzizira sikuwakhudza, ife a matenti obwereka tidzapezekanso tikuyang'ana mapu ofiira. Mwina njira ndi kusiya malo ena oti azibukidwa kutatsala sabata imodzi kapena ziwiri basi, kuti wa mashifiti naye akaona ndandanda wake apeze pogona. Pakadali pano chomwe chikutiteteza ndi kuzizira komweko, ambiri akamva -2 amabwerera.

Anzanga a ku Malawi kuno ndawayesa kangapo. Ambiri amayankha ngati amayi. Achimwene ena a ku tchalitchi anandiuza kuti, "Alongo, ine ndinagona pa mphasa zaka 20, ndinakwera ndege kuthawa zimenezo, nde mukuti ndikalipire kuti ndibwererenso pansi?" Sindinawayankhe, anali ndi mfundo. Koma banja lina linavomera chaka chathachi, tinatengana, ndinawauziratu za makatoni ndi mabotolo a m'masokosi. Usiku tili pa moto bambo a m'banjamo anayang'ana kumwamba nkukhala chete nthawi yaitali, kenako anati nyenyezi zochuluka chonchi anaziona komaliza kwawo ku Ntchisi magetsi asanafike. Kuchokera pamenepo nkhani zinangotuluka zokha, za kuwotcha mbatata pa phulusa, za agogo ndi nthano zawo, ana athu amene Chichewa amachimva mwa apo ndi apo atakhala phee kumvetsera, zomwe m'nyumba sizichitika chifukwa aliyense amakhala pa foni yake. Kumeneko netiweki ndi yovuta, ndipo zala zimakana kutuluka m'thumba.

Pa ulendo wa ku Algonquin uja, Lamlungu mmawa tenti inali itachita chisanu choyera pamwamba, yolimba ngati chikopa chouma. Kuipinda yonyowa ndi ntchito yomwe palibe amaijambula, zala kuwawa, zikhomo kukana kuzuka, ana atathawira kale m'galimoto hita ili pamwamba. Kufika ku Hamilton tinaiyanika pa shawa masiku awiri nyumba yonse kununkha utsi, chifukwa ukaisunga yonyowa pofika Meyi yachita nkhungu. Madzulo ake ndinawatumizira amayi zithunzi, cha moose, cha nkhungu pa nyanja, ndi china cha njira yonse itakwiririka ndi masamba mpaka m'akakolo mwa mdzukulu wawo. Ndinaona kuti aziona, timizere tiwiri tija tabuluu, koma anatenga nthawi osayankha. Kenako inabwera voisi noti ya masekondi asanu ndi limodzi.

"Zaoneka bwino ndithu. Koma nanga masamba onsewo amasesa ndani?"